Mabotolo Opanda Dzina m'Chipinda cha Malemu a Chavula

KOMITI YA BANJA LA A CHAVULA: MSONKHANO WOCHOTSA KATUNDU M'NYUMBA YA MALEMU A PHILEMON CHAVULA

Tsiku: Loweluka, 14 Juni 2025
Malo: Pakhonde pa nyumba ya malemu, ku Kapichila, Lundazi
Nthawi yoyambila: 10 koloko m'mawa

OBWELA
1. A Haswell Chavula, ang'ono awo a malemu (Wapampando)
2. Amama a Evelina NyaZgambo, akazi a malemu
3. A Angelina NyaChavula, mlongo wawo wa malemu, amene tonse timawaitana ankhazi
4. A Jones Chavula, mwana woyamba wa malemu, ochokela ku Kitwe
5. A Danwell Chavula, mwana womaliza wa malemu, amuna anga
6. Keziya NyaMphande, mkamwana (Mlembi)

OSABWELA
A Watipaso, mwana wamkazi wa malemu. Ali ku Chipata. Anatuma mawu pa foni kuti ali ndi odwala.

1. KUTSEGULA

Ankhazi anapemphela. Wapampando analandila onse, makamaka a Jones amene sanapondeko kuno chiikileni malilo mu Seputembala. A Jones anati tchuthi cha ku mgodi sichithyoledwa mumtengo ngati mango.

Wapampando anati mlembi akhala ine chifukwa ndimalembela gulu la amayi kutchalitchi ndipo dzanja langa limawelengeka. Anatinso ntchito ya mlembi ndi kulemba basi, pakuti mkamwana salankhula pagulu pamene pali apongozi aamuna. Ngati ndili ndi mawu ndinong'oneze ankhazi, iwo ndiwo anene. Ndinavomela. Ndinakhala pamphasa kumbuyo kwa ankhazi.

2. CHIMENE TASONKHANILA

A Danwell anafotokoza kuti chimwalilileni adada, iwo ndi ine ndi mwana wathu Lukundo timakhala m'nyumba ino kuti amama asamakhale okha. Chipinda chapakati chadzaza katundu wa malemu kufika kudenga ndipo chilibe chitseko, pali nsalu chabe. Miyezi yonseyi palibe wakhudzamo kanthu, chifukwa mwambo wathu ndi wakuti katundu wa malemu sasuntha mwana woyamba asanabwele ndi banja lisanakhale pansi.

Anati Lachitatu lapitali Lukundo, amene ali ndi chaka chimodzi ndi miyezi isanu ndi iwili, anapezeka atakhala pakhomo pa chipindacho. M'manja anali ndi botolo la zakumwa, chivindikilo chili mkamwa. M'botolomo munali mankhwala opopela fodya. Tinathamanga naye pa njinga ku kiliniki. Anasanza kawili panjila. Anamwino anamusunga mpaka madzulo. Anati wapulumuka chifukwa ananyambita chivindikilo chokha, akanakhala kuti wameza ngakhale pang'ono bwenzi tikunena zina.

A Danwell anapitiliza kuti adada anali kugula mankhwala pamodzi ndi anzawo a kalabu ya fodya, chigubu chimodzi n'kugawana. Aliyense anali kuthila gawo lake m'botolo lililonse limene lapezeka pafupi. Adada sanali kulembapo dzina, anali kusunga m'mutu. M'mabotolo ena muli uchi, ena palafini, ena mafuta a njinga, ena mankhwala opaka miyendo. Onse aima pamodzi pa thebulo ndipo ambili afanana.

A Jones anafunsa kuti mayi wa mwanayo anali kuti nthawi imeneyo. A Danwell anati anali kuseli kwa nyumba kuyanika nsawa. A Jones anati ku Kitwe nawonso amasunga mankhwala a mphemvu m'nyumba koma ana awo sanadyepo, ndiye vuto si botolo. Wapampando anati zimenezo zilembedwe. Ndalemba.

Ndinanong'oneza ankhazi kuti chonde tiyambe ndi mabotolo. Ankhazi ananena. Wapampando anati katundu wa munthu amayamba ndi zimene zinakhudza thupi lake, ndiye tiyamba ndi zovala, mabotolo adzabwela pa nambala 6.

3. ZOVALA NDI NSAPATO

A Danwell ndi a Jones anatulutsa masutikesi awili ndi thumba limodzi. Zambili njenjete zadya. Zabwino zinali majekete awili, malaya asanu, mathalauzi atatu, nsapato za kutchalitchi, magambutsu ndi chipewa.

Wapampando anati jekete yakuda ya kutchalitchi ndi yawo, popeza malemu anawauza okha ali moyo. A Jones anati jekete ya tate ndi ya mwana woyamba, ndipo mawu amene ananenedwa popanda mboni sawelengedwa. Wapampando anati a Jones akanakhala kuti amabwela kudzaona adada awo akudwala akanakhala mboni iwo. A Jones anaimilila. Ankhazi anati, "Khala pansi iwe Jones. Mimba yakoyo ingakwane mu jekete ya adada ako? Mabatani adzathawila ku Malawi." A Danwell anaseka, a Jones anakhala pansi.

Amama anatenga chipewa n'kuchiika pamiyendo pawo. Palibe anawafunsa.

Zimene anagwilizana:
(a) Jekete yakuda apite nayo Wapampando, yofiilila a Jones.
(b) Magambutsu a Danwell, chifukwa ndiwo atsala ndi munda.
(c) Malaya, mathalauzi ndi nsapato zichapidwe, ankhazi akapeleke kutchalitchi kwa okalamba.
(d) Zodyedwa ndi njenjete ziwotchedwe.

Nkhani iyi inatenga mpaka 12 koloko.

4. ZOGULITSA

Panatuluka njinga ziwili zopanda matayala, mawailesi atatu osalila, pulawo yothyoka, makasu akutha, sikelo, mashini osokela a m'manja ndi sipuleya ya kumsana.

A Jones anati zonse zigulitsidwe kwa aja ogula zitsulo zakutha amene amapita ndi galimoto pamseu Lachisanu, nyumba ipume. Wapampando anati pulawo isapite, ifunika kuwotchelela chabe. A Jones anati pulawo imeneyo inathyoka iwo ali pa sukulu ndipo kuyambila nthawi imeneyo ikudikilabe kuwotchelela. Anagwilizana kuti Wapampando aitenge.

Amama analankhula koyamba. Anati wailesi yaikulu isagulitsidwe. A Jones anati, "Amama, siilila." Amama anati, "Sindinati ilile. Ndati ikhale." Yatsala.

Za mashini osokela, ankhazi anati a Watipaso anawauza kuti ndi awo. A Jones anati akazi awo nawonso amasoka. Wapampando anati nkhani iyi idikile a Watipaso.

Wapampando anati sipuleya atenga iwo. Poinyamula munatuluka madzi oyela ngati mkaka n'kutayikila pakhonde pomwe takhala. Fungo linali lomwe lija la Lachitatu. Nkhuku zinathamangilapo. Ndinanong'oneza ankhazi, iwo anathilapo phulusa ndi dothi. Lukundo anadzuka kumsana kwanga n'kuyamba kulila kuti atsike. Sindinamutsitse. A Jones anati mwana akusokoneza msonkhano.

Zimene anagwilizana: njinga, mawailesi awili, makasu ndi sikelo a Danwell akagulitse Lachisanu, chimene chidzapezeke chipite kwa amama.

5. ZOTAYA

Matumba a feteleza a zaka zambili, manyuzipepala, matilesi yowola, mabatile akutha, zingwe ndi mapulasitiki a nazale ong'ambika. Amama anati matumba osabooka atsale oikamo chimanga. Ankhazi anasankha, anapeza asanu ndi limodzi okha. Pansi pa matilesi panali chisa cha makoswe ndi tiana take. A Danwell anapha. A Jones anali pa foni pansi pa mtengo.

Anagwilizana kuti zonse ziwotchedwe m'dzenje la kuseli, mabatile akwililidwe.

Tinapuma kudya mbatata. Inali 2 koloko.

6. MABOTOLO

A Danwell anati atachotsa matumba apeza kuti mabotolo si aja okha a pa thebulo. Ena ali pansi pa thebulo, ena m'mphepete mwa khoma, ena m'chidebe, pamalo poti mwana afika ali chiimile. Anawelenga mpaka makumi atatu n'kuleka.

Wapampando anati mankhwala a fodya ndi odula masiku ano ndipo nthawi ya nazale ili pafupi. Anati iwo adzapeza tsiku, adzanunkhiza botolo lililonse, adzadziwa chimene chili mkati. Ankhazi anati, "Mphuno yanu yomweyo, imene simva ngakhale ndiwo zikupselela?" Wapampando anati ankhazi asunge ulemu wa mpando.

Ankhazi anati maganizo awo ndi akuti zonse zithilidwe m'chimbudzi, mabotolo atsukidwe bwino ndi sopo, tipatse a Anna amene amagulitsa thobwa pamseu wa ku sukulu, chifukwa amavutika kupeza mabotolo. Ndinanong'oneza ankhazi kuti anamwino anati botolo limene munakhala mankhwala ngati awa silimwelamonso munthu ngakhale ulitsuke kangati, ndipo thobwa limenelo amagula ana a sukulu. Ankhazi anauza komiti kuti, "Mkamwana akuopa." Si zimene ndinanena.

A Danwell anati Lachinayi anakumana ndi alangizi a zaulimi. Alangizi anawauza kuti tisathile m'chimbudzi kapena kudambo, koma tisonkhanitse zonse m'chinthu chokhoma, kutali ndi nyumba, iwo abwela Lachiwili kudzaona chochita nazo. A Danwell anati bokosi lachitsulo la adada lili ndi loko, ndipo balani ya fodya ilibe kanthu tsopano, nayonso imakhomeka. Ntchito yake ingatenge ola limodzi.

A Jones anati chinthu chimene sitikuchidziwa sichigawika, sichigulitsika, sichitayika. Mwina muli uchi wabwino, mwina muli za mtengo wapatali, ndipo a Watipaso adzati tinaba iwo kulibe. Bokosi lachitsulo nalonso ndi katundu wa malemu, silinagawidwe. Anati zonse zikhale pamene zili mpaka Ogasiti pa tsiku loika mwala pamanda, pamene tonse tidzakhalepo. Pakali pano a Danwell aike chitseko, ndipo mayi wa mwana aphunzile kuyang'ana mwana.

A Danwell anati pakhomopo palibe felemu, ndipo mmisili wa matabwa anapita ku Chipata, sakudziwika tsiku lobwela. A Jones anati nanga iwo achite bwanji, aleke ntchito adzakhale chitseko?

Wapampando anati dzuwa lapendeka ndipo a Jones ali ndi basi ya mawa m'mawa. Anati iwo akugwilizana ndi a Jones, pakuti ikadzafika Ogasiti adzakhala atanunkhiza onse. Anafunsa ankhazi, ankhazi anati, "Kaya." Anafunsa a Danwell, a Danwell anayang'ana pansi. Amama sanawafunse. Wapampando anati, "NyaMphande, lembani kuti mabotolo akhala mpaka Ogasiti."

Sindinalembe. Ndinagwada n'kulankhula ndekha, osadzela kwa ankhazi. Mawu anga ndiwalemba onse chifukwa ndikudziwa kuti adzafunsidwa. Ndinauza Wapampando kuti:

"Adada, mundikhululukile. Zimenezo sindilemba. Ogasiti ali kutali, milungu isanu ndi inayi. Mwana uyu akuyenda tsopano, amatsegula chilichonse ndi mano. Ine ndimatunga madzi, ndimaphika, ndimasamba. Maso ndili nawo awili okha. Ndinamunyamula ine Lachitatu akuchita thovu kukamwa, inu simunamuone. Mwagawa jekete, mwagawa pulawo, chimene chinafuna kupha mdzukulu wanu ndiye mukuti chidikile. Mabotolo akagona m'nyumba muno lelo, ine ndinyamuka naye kupita kwathu ku Mphamba."

A Jones anati, "Upita wekha. Mwanayo ndi wa a Chavula, ng'ombe za malowolo zinapita kwanu."

Wapampando anamenya ndodo pansi. Anati, "Danwell, mkazi wakoyu akulankhula ndi ndani?"

A Danwell anati, "Ndi ife, adada."

Wapampando anati zimenezi sanazionepo chibadwile, mkamwana kukana mawu a apongozi pakhonde pa malemu. A Jones anati mwana atsitsidwe kumsana apatsidwe ankhazi, tione ngati mayiyo apita. Ankhazi anati, "Yayi, ine musandiikemo." Ndinamanga nsalu kawili pachifuwa. Ndinalemba ndili chigwadile, ndiye malembo a pano ndi okhota.

Amama anati akufuna kulankhula. Wapampando anati adikile kaye. Amama sanadikile. Anati:

"Botolo lija mwana sanalitenge m'chipinda. Ndinalitulutsa ine. Kunali kuzizila, ndinali kufuna palafini woyatsila mbaula. Ndinatsegula, ndinanunkhiza, sindinadziwe. Ndinaliika pansi pakhomo kuti ndifunse Danwell akabwela kumunda, chivindikilo sindinamange. Kenako mbuzi zinalowa m'nkhokwe, ndinathamanga, ndinaiwala. Masiku atatu ndamva mwana wa eniyu akunenedwa kuti sayang'ana mwana, ine chete, chifukwa cha manyazi. Zaka makumi anayi ndakhala ndi a Philemon, botolo lawo sindikulidziwa. Inu alamu mudzalidziwa ndi mphuno?"

Amama anaika chipewa pampando, analowa m'nyumba, anakoka bokosi lachitsulo mpaka pakhomo. Analowanso n'kutuluka ndi mabotolo awili, dzanja ili limodzi, ili limodzi, n'kuika m'bokosi.

Wapampando anati, "Alamu, komiti yagamula kale."

Amama anati, "Gamulani. Ine ndikusesa m'nyumba mwanga."

A Jones anati, "Amama, mukutichititsa manyazi." Amama anati, "Choka panjila, Jones, ndingakutayile."

Ankhazi ananyamuka, anatenga mapulasitiki a shuga n'kuveka amama m'manja, ena anavala okha, n'kuyamba kuthandiza. A Danwell anapita kukatenga wilibala. Ine anandiletsa kulowa chifukwa cha mwana. Ndinaima pabwalo n'kumawelenga akamatuluka. Onse pamodzi anakwana makumi anayi ndi atatu. Atatu anali kuchucha, anawakulunga m'matumba. Limodzi ankhazi anati ndi uchi ndithu, akuona ndi maso. Amama anati nalonso lilowe.

Wapampando anapempha kuti awasiyileko awili okha a nazale. Amama anakhoma loko, kiyi anamanga pa chitenje chawo. A Danwell anakankha wilibala kupita ku balani, ankhazi atagwilila bokosi kuti lisagwe.

A Jones anati mlembi alembe kuti komiti sinalole zimenezi. Komiti sinalole. Mabotolo achoka m'nyumba.

7. ZINA NDI ZINA

A Jones anati nkhani ya mabotolo yatha koma ya mwano sinathe. Anati mkamwana wakana kulemba zimene wauzidwa, walankhula pamaso pa apongozi, ndipo waopseza kuthawitsa mwana wa a Chavula. Zimenezi zikasiyidwa, mawa akamwana onse a m'mudzi muno adzayamba kuweluza milandu. Anapempha kuti makolo anga aitanidwe.

Wapampando anavomela. Anati iwo sakukana kuti mabotolo anali oopsa, koma mawu ali ndi njila yake yodzela.

Ankhazi anati njila yakeyo inali iwo, ndipo avomela kuti mawu ena anawadula. Wapampando anati zimenezo sizichotsa mlandu.

Amama anati akaitana a Mphande awaike nawonso pa mlandu, pakuti wawo ndi waukulu kuposa wa mkamwana. Wapampando anati wa amama si mlandu, ndi kuiwala kwa ukalamba. Anatinso mawu a amama a pa nambala 6 afufutidwe m'pepala, asamawelengedwe ndi anthu akunja. Amama anati, "Asiye pomwepo. Amene afufute adzandiuze chifukwa chake." Sindinafufute.

A Danwell atabwela ku balani anauzidwa zimenezi. Anati apita okha ku Mphamba mawa kukauza atate anga, asanamve kwa anthu. A Jones anati mng'ono wawo anadyetsedwa mankhwala a chikondi. A Danwell anatenga tsache n'kulowa m'chipinda chapakati.

8. MSONKHANO WOTSATILA

Loweluka, 16 Ogasiti 2025, tikachoka kumanda, pakhonde pomwe pano. Wapampando anati nkhani zake ndilembe ndekha ndi dzanja langa:
(a) Mashini osokela.
(b) Mlandu wa Keziya NyaMphande.

9. KUTSEKA

Ankhazi anapemphela mwachidule atasamba m'manja katatu. Msonkhano unatha 4 koloko itapitilila pang'ono.

Wapampando anati pepala ndikalembenso bwino m'buku mlungu wamawa, mutu utazizila. Ndawapempha kuti asayine lomweli lelo, momwe lilili ndi malembo ake okhota. Anandiyang'ana, anawelenga lonse kuyambila pamwamba, anafunsa ngati sindikuopa Ogasiti. Ndinayankha kudzela kwa ankhazi kuti ndikuopa kwambili. Atate anga akadzafunsa chimene mwana wawo analakwa, awawelengele pepala ili, asadumphe mzele.

Wapampando: Haswell Chavula

Mlembi: Keziya Mphande